Matenda a chiwindi a hepatitis C ndi anthu ogwiritsa ntchito mankhwala osokoneza bongo m'boma la Neno

Hepatitis C ndi matenda otupitsa chiwindi omwe amayambitsidwa ndi kachilombo kofala kudzera m'magazi. M'mayiko ambiri, anthu amene ali pachiopsezo chachikulu chotenga kachilomboka ndi amene amadzibaya mankhwala osokoneza bongo, chifukwa chobwerekana majakisoni. Matendawa alibe katemera, koma amachizika. Kuyambira cha m'ma 2014 pali mankhwala akumwa omwe amachiza anthu oposa 95 pa 100 alionse amene amaliza kumwa. Chotero vuto lalikulu masiku ano si kusowa kwa mankhwala ochiza, koma kupeza odwala, kutsimikiza kuti kachilombo kalidi m'magazi mwawo, ndi kuwathandiza kuti amalize mankhwala. M'boma lakumidzi ngati Neno, komwe midzi yambiri ili kutali ndi zipatala zazikulu, zimenezi zimadalira njira zomwe zinakhazikitsidwa kale posamalira anthu omwe ali ndi HIV ndi matenda ena amgonagona.

Kachilomboka ndi zomwe kamachita m'thupi

Kachilombo ka hepatitis C kanadziwika m'chaka cha 1989. Izi zisanachitike, madokotala ankaona anthu ena akudwala chiwindi atathiridwa magazi, koma akawayeza sankapeza hepatitis A kapena hepatitis B. Akatswiri atatu, Harvey Alter, Michael Houghton ndi Charles Rice, analandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2020 chifukwa cha ntchito yotulukira kachilomboka.

Kachilomboka kakalowa m'thupi, anthu ambiri samva kudwala. Ochepa amamva kutopa, kutentha thupi, nseru, kusafuna kudya, ndipo ena maso amachita chikasu, mkodzo n'kukhala woderapo. Zizindikirozi zimatha kuoneka pakati pa masabata awiri ndi miyezi isanu ndi umodzi. Pafupifupi anthu 30 pa 100 alionse, thupi lawo limagonjetsa lokha kachilomboka m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba. Kwa otsalawo kamakhazikika, n'kumawononga chiwindi pang'onopang'ono kwa zaka zambiri munthu akuoneka wabwinobwino.

Chiwindi chikatupa kwa nthawi yaitali chimachita zipsera, kenako chimauma ndi kulephera kugwira ntchito. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limanena kuti mwa anthu amene kachilomboka kakhazikika m'thupi mwawo, pakati pa 15 ndi 30 pa 100 alionse chiwindi chawo chimafika pouma m'zaka 20. Zikafika apa, mimba imadzaza madzi, miyendo imatupa, munthu amatha kusanza magazi kapena kusokonezeka mutu, ndipo ena amadwala khansa ya m'chiwindi. Kumwa mowa kwambiri, kukhalanso ndi HIV kapena hepatitis B, zonsezi zimafulumizitsa kuwonongeka kwa chiwindi.

Mmene kamafalira

Kachilomboka kamafala magazi a munthu amene ali nako akalowa m'thupi la munthu wina. Njira zodziwika ndi izi:

- kubwerekana jakisoni, singano, supuni, thonje kapena madzi osungunulira mankhwala podzibaya;
- kubayidwa jakisoni wosaphikidwa bwino kapena wogwiritsidwa kale ntchito, makamaka kwa anthu obaya anzawo popanda chilolezo cha zachipatala;
- kuthiridwa magazi osayezedwa;
- kutema mphini, kuboola makutu, kulemba zizindikiro pakhungu kapena kuchita mdulidwe ndi lezala kapena mpeni umodzi kwa anthu angapo;
- kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana pa nthawi ya pakati kapena pobereka, zomwe zimachitika kwa ana pafupifupi 5 pa 100 alionse, ndipo chiwerengerochi chimakwera ngati mayi alinso ndi HIV;
- kugonana komwe kumachititsa kuti magazi atuluke.

Kachilombo ka hepatitis C kamatha kukhala kamoyo kwa masabata angapo m'jakisoni kapena m'kadontho ka magazi kouma. N'chifukwa chake kamafala msanga kuposa HIV pakati pa anthu odzibaya, ndipo ambiri amakatenga m'zaka zoyambirira atangoyamba kudzibaya. Anthu amene amafwenkha mankhwala m'mphuno kapena kusuta ndi kachitoliro kotentha nawonso angapatsirane ngati mphuno kapena milomo yachita zilonda, ngakhale kuti chiopsezo chake n'chocheperapo.

Kachilomboka sikafala podyera mbale imodzi, kumwera chikho chimodzi, kugwirana chanza, kukumbatirana, kukhosomola kapena kulumidwa ndi udzudzu. Mayi amene ali nako angathe kuyamwitsa, pokhapokha ngati mawere ali ndi zilonda zotuluka magazi.

Kukula kwa vutoli

Lipoti la WHO la m'chaka cha 2024 linasonyeza kuti anthu pafupifupi 50 miliyoni padziko lonse ali ndi hepatitis C yokhazikika, kuti anthu pafupifupi 1 miliyoni amatenga kachilomboka chaka chilichonse, ndipo kuti anthu pafupifupi 242,000 anamwalira nako m'chaka cha 2022. Mwa anthu onse odzibaya mankhwala osokoneza bongo padziko lapansi, pafupifupi theka anatengapo kachilomboka.

M'Malawi, hepatitis B ndi yomwe ili yofala kwambiri. Kafukufuku amene anayeza kachilombo ka hepatitis C kenikeniko m'magazi a anthu wamba anapeza kuti kali mwa anthu osakwana mmodzi pa 100 alionse. Ziwerengero zina zakale zinali zokwera chifukwa zinkachokera pa kuyeza koyamba kokha, komwe nthawi zina kamasonyeza ngati munthu ali ndi kachilombo pomwe alibe. Bungwe loona zosonkhanitsa magazi la Malawi Blood Transfusion Service, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 2003, limayeza magazi operekedwa kuti lione ngati muli HIV, hepatitis B, hepatitis C ndi chindoko.

Kuchepa kwa matendawa pakati pa anthu wamba sikutanthauza kuti ndi ochepanso pakati pa odzibaya. Ku South Africa, komwe hepatitis C si yofala pakati pa anthu wamba, kafukufuku wa m'zaka za 2016 ndi 2017 m'mizinda ya Cape Town, Durban ndi Pretoria anapeza kuti oposa theka la anthu odzibaya amene anayezedwa anali atatengapo kachilomboka, ndipo ku Pretoria anali oposa 80 pa 100 alionse. Mankhwala a heroin amafika m'chigawo chino pa zombo kudzera m'magombe a Kenya, Tanzania ndi kumpoto kwa Mozambique, kenako amayenda pamsewu kulowera ku South Africa. M'mizinda yomwe ili m'njira imeneyi, anthu osuta ndi odzibaya heroin akhala akuchuluka.

Boma la Neno ndi zipatala zake

Neno ndi boma la m'chigawo chakumwera lomwe linapatulidwa ku boma la Mwanza m'chaka cha 2003. Limachita malire ndi dziko la Mozambique kumadzulo, komanso maboma a Ntcheu, Balaka, Blantyre ndi Mwanza. Kalembera wa m'chaka cha 2018 anapeza kuti m'bomali munali anthu oposa 138,000, ndipo ambiri ndi alimi. Dera lakumtunda ndi lamapiri, ndipo nthawi ya dzinja misewu yafumbi imavuta kuyendamo. Dera lakumunsi lili m'chigwa cha mtsinje wa Shire.

Monga m'madera ena a m'Malawi, zoledzeretsa zomwe zimagwiritsidwa ntchito kwambiri ndi mowa, kuphatikizapo kachasu, ndi chamba. Kusuta chamba pakokha sikupatsira hepatitis C, ndipo kudzibaya sikofala ngati kusuta. Komabe bomali silili patali ndi njira zomwe matendawa amayendamo. Pa Zalewa, msewu wa M1 umakumana ndi msewu wa M6 wopita kuchipata cha Mwanza. Apa ndi pomwe pamadutsa magalimoto akuluakulu onyamula katundu komanso mabasi opita ku Johannesburg kudzera ku Tete ndi ku Harare. Amalawi ambiri amapita kukagwira ntchito ku South Africa kudzera njira imeneyi, ndipo munthu amene anadzibayapo ali kumeneko, ngakhale kamodzi kokha zaka zambiri zapitazo, angabwerere kumudzi ali ndi kachilomboka iye osadziwa. Mowa nawo, ngakhale kuti sufalitsa kachilomboka, umawononga msanga chiwindi cha munthu amene ali nako kale.

Bomali lili ndi zipatala ziwiri zogonekamo odwala ambiri, chipatala cha boma cha Neno ndi chipatala cha Lisungwi, komanso zipatala zina zing'onozing'ono. Odwala ofunika akatswiri amatumizidwa kuchipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Kuyambira m'chaka cha 2007, Unduna wa Zaumoyo wakhala ukugwira ntchito m'bomali limodzi ndi bungwe la Partners In Health, lomwe kuno limadziwika kuti Abwenzi Pa Za Umoyo. M'chaka cha 2015 anayambitsa kiliniki imodzi ya matenda amgonagona, yomwe imatchedwa IC3. M'kiliniki imeneyi anthu omwe ali ndi HIV, matenda othamanga magazi, shuga, mphumu, khunyu ndi matenda amisala amaonedwa pamalo amodzi, tsiku limodzi, pachipatala chomwe ali nacho pafupi. Palinso anthu azaumoyo a m'midzi omwe amayendera makomo, kutumiza odwala kuchipatala ndi kulondola amene sanabwere pa tsiku lawo.

Dongosolo lotere ndi lomwe chithandizo cha hepatitis C chimafuna. Mu 2022, WHO inalimbikitsa mayiko kuti kuyeza ndi kuchiza matendawa kuzichitikira m'zipatala zing'onozing'ono, m'makiliniki a HIV, m'ndende ndi m'malo othandizira anthu ogwiritsa ntchito mankhwala osokoneza bongo, ndiponso kuti anamwino ndi madokotala omwe si akatswiri a chiwindi azipereka mankhwalawa akaphunzitsidwa. Kiliniki yoonera matenda ambiri pamodzi ilinso ndi ubwino wina: munthu amene ali pamzere sadziwika kuti wabwerera matenda ati.

Kayezedwe

Kuyeza hepatitis C kuli ndi magawo awiri, ndipo kusamvetsa kusiyana kwake kumasokoneza anthu ambiri.

Gawo loyamba limafufuza asilikali a m'thupi omwe amapangidwa munthu akakumana ndi kachilomboka. Amatenga kadontho ka magazi pachala, monga momwe amachitira poyeza HIV, ndipo zotsatira zimatuluka m'mphindi pafupifupi 20. Asilikaliwa amayamba kuoneka pakatha miyezi iwiri kapena itatu munthu atatenga kachilomboka, choncho amene wabwerekana jakisoni posachedwa ayenera kuyezetsanso. Akangooneka, asilikaliwa nthawi zambiri amakhala m'magazi moyo wonse, ngakhale thupi litagonjetsa kachilomboka kapena munthu atachira ndi mankhwala. Chotero kupezeka kwawo kumangosonyeza kuti munthu anakumanapo ndi kachilomboka. Mu 2021, WHO inavomereza kuti anthu angathe kudziyeza okha gawo loyambali.

Gawo lachiwiri limafufuza kachilombo kenikeniko m'magazi, ndipo ndi lomwe limasonyeza ngati munthu akufunika mankhwala. Limachitikira m'labotale yaikulu kapena pa makina a GeneXpert, omwe zipatala za maboma m'Malawi zimagwiritsa ntchito poyeza chifuwa chachikulu cha TB. Makinawa amafuna katiriji yakeyake ya hepatitis C, ndipo zotsatira zimatuluka pakatha ola limodzi kapena awiri. Kumadera akutali, madontho a magazi angaumitsidwe pa kapepala kapadera n'kutumizidwa ku labotale, njira yomwe Malawi amagwiritsa kale ntchito poona kuchuluka kwa HIV m'magazi.

M'mayiko ambiri, odwala ochuluka amatayika pakati pa magawo awiriwa. Munthu amauzidwa kuti abwerenso tsiku lina kapena apite kuchipatala chakutali, ndipo sabweranso chifukwa chosowa ndalama yoyendera, ntchito zakumunda kapena mantha. N'chifukwa chake ndi bwino kutenga magazi a gawo lachiwiri tsiku lomwelo lomwe gawo loyamba lasonyeza kuti asilikali alimo.

Asanayambe mankhwala, wodwala amayezedwanso HIV ndi hepatitis B, ndipo amayi amayezedwa ngati ali ndi pakati. Dokotala amaonanso mmene chiwindi chawonongekera. Komwe kulibe makina apadera, amagwiritsa ntchito kawerengedwe kotchedwa APRI, komwe kamachokera pa zotsatira ziwiri za magazi zopezeka m'labotale ya chipatala cha boma. M'Malawi, kutupa mimba ndi kusanza magazi kumayambanso ndi hepatitis B, mowa komanso likodzo la m'matumbo, choncho zizindikiro zokha sizikwanira kudziwa chomwe chavuta.

Chithandizo

Kale hepatitis C ankaichiza ndi jakisoni wa interferon pamodzi ndi mapiritsi a ribavirin kwa masabata 24 mpaka 48. Mankhwalawa ankadwalitsa kwambiri ndipo ankachiza pafupifupi theka lokha la odwala. Zinthu zinasintha mu Disembala 2013, pomwe dziko la America linavomereza mankhwala a sofosbuvir. Mtengo wake woyamba unali madola 84,000 pa masabata 12. Mu 2014 kampani ya Gilead inalola makampani a ku India kupanga mankhwalawa motchipa kuti azigulitsidwa m'mayiko osauka, ndipo pofika mu 2023 mtengo wa sofosbuvir pamodzi ndi daclatasvir unali utatsika kufika pa madola pafupifupi 60 pa wodwala mmodzi m'mayiko oterowo.

Kuyambira mu 2018, WHO imalangiza kuti wamkulu aliyense amene wapezeka ndi kachilomboka alandire mankhwala, posatengera kuti chiwindi chawonongeka motani, ndipo mu 2022 malangizowa anafikanso kwa ana oyambira zaka zitatu. Mankhwala ovomerezeka kwa akuluakulu ndi awa:

- sofosbuvir ndi daclatasvir, kwa masabata 12, kapena mpaka 24 ngati chiwindi chauma;
- sofosbuvir ndi velpatasvir, kwa masabata 12;
- glecaprevir ndi pibrentasvir, kwa masabata 8 ngati chiwindi sichinaume.

Mapiritsiwa amamwedwa kamodzi patsiku. Ambiri samva vuto lililonse kupatula mutu kapena kutopa pang'ono. Pakatha masabata 12 munthu atamaliza, amayezedwanso, ndipo ngati kachilombo sikakupezeka ndiye kuti wachira. Amene chiwindi chake chinali chitauma kale amayenera kupitiriza kuonedwa ndi dokotala, chifukwa chiopsezo cha khansa chimachepa koma sichitheratu. Amayi oyembekezera kawirikawiri amayamba mankhwala akabereka.

Kwa zaka zambiri, anthu ogwiritsa ntchito mankhwala osokoneza bongo ankakanizidwa chithandizo mpaka atasiya, poganiza kuti sangathe kumwa mankhwala mwandondomeko. Kafukufuku wasonyeza kuti anthuwa amachira mofanana ndi ena akathandizidwa bwino, ndipo malangizo a WHO salola kuti kusiya mankhwala osokoneza bongo kukhale chiyeso cholandirira chithandizo. Kuchiza munthu amene akudzibayabe kumatetezanso anzake omwe akanatengera kachilomboka kwa iye.

Mankhwala osayenera kuphatikiza

Mankhwala ena amafooketsa mphamvu ya mapiritsi a hepatitis C, ndipo ambiri mwa iwo ndi ofala m'zipatala za m'Malawi. Rifampicin, yemwe ali m'gulu la mankhwala a TB, sayenera kumwedwa pamodzi nawo, choncho wodwala amayamba wamaliza mankhwala a TB. Mankhwala a khunyu a phenobarbitone, carbamazepine ndi phenytoin nawonso sagwirizana nawo, ndipo dokotala angafunike kusintha mankhwala a khunyu asanayambe kuchiza chiwindi. Wodwala sayenera kusiya yekha mankhwala a khunyu.

Ma ARV okhala ndi dolutegravir, omwe Malawi anayamba kupereka kwa anthu ambiri mu 2019, amagwirizana ndi sofosbuvir ndi daclatasvir popanda kusintha mlingo. Kwa amene akumwa efavirenz, mlingo wa daclatasvir umakwezedwa. Munthu amene alinso ndi hepatitis B amafunika kuonedwa mosamala, chifukwa kachilombo ka mtundu wa B kamatha kudzuka pamene ka mtundu wa C kakuchizidwa. Methadone ndi buprenorphine angamwedwe pamodzi ndi mapiritsiwa. Wodwala amalangizidwa kusiya kapena kuchepetsa mowa, ndi kuuza dokotala za mankhwala azitsamba alionse omwe akumwa.

Kupewa ndi kuchepetsa ngozi

Kuchira sikuteteza munthu kuti asatengenso kachilomboka. WHO imalangiza kuti amene anachira koma akadali pachiopsezo aziyezedwa kachilombo kenikeniko miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi iliyonse, ndipo akapezekanso nako alandirenso mankhwala.

Njira zothandiza anthu amene sanathe kusiya kuti asatenge matenda kapena kufa zimatchedwa kuchepetsa ngozi. Zikuluzikulu ndi zitatu: kugawa majakisoni atsopano ndi kutolera ogwiritsidwa kale ntchito, kupereka methadone kapena buprenorphine, omwe amathetsa chibaba cha heroin kotero kuti munthu safunikanso kudzibaya, ndi kugawa naloxone, mankhwala otsitsimutsa munthu amene wakomoka chifukwa chopyola mlingo. Kafukufuku wasonyeza kuti methadone ndi mankhwala ofanana naye amachepetsa ndi theka chiopsezo chotenga hepatitis C, ndipo chimatsika kwambiri akaphatikizapo majakisoni okwanira. Katemera wa hepatitis B, yemwe ana a m'Malawi akhala akulandira kuyambira mu 2002, ndi wofunikanso kwa akuluakulu odzibaya amene sanalandirepo.

Mayiko oyandikana ndi Malawi anayamba kale njirazi. Dziko la Tanzania linatsegula kiliniki ya methadone pachipatala cha Muhimbili ku Dar es Salaam mu 2011. Ku Mozambique, bungwe la Médecins Sans Frontières pamodzi ndi boma linatsegula mu 2018 malo othandizira anthu ogwiritsa ntchito mankhwala osokoneza bongo m'dera la Mafalala mumzinda wa Maputo, komwe anthu amalandira majakisoni atsopano ndi kuyezedwa HIV, TB ndi hepatitis C.

Malamulo ndi kusalidwa

M'Malawi, kupezeka ndi heroin, cocaine kapena chamba popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la Dangerous Drugs Act, lomwe linayamba m'nthawi ya atsamunda. Lamulo la m'chaka cha 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhala ndi chilolezo, koma silinalole kusuta. Chifukwa choopa kumangidwa, anthu ambiri sauza achipatala kuti anadzibayapo, ndipo achipatala akapanda kudziwa zimenezi saganizira zoyeza hepatitis C.

Kumudzi, komwe anthu amadziwana, manyazi ndi chopinga chachikulu kuposa mumzinda. Munthu amaopa kuti nkhani ifika kwa achibale, kumpingo kapena kwa amfumu. Ena amaganiza kuti kutupa mimba ndi kulodzedwa, ndipo amafika kuchipatala mochedwa atatemedwa mphini zambiri. Malamulo a ntchito zachipatala amafuna kuti zomwe wodwala wanena zisungidwe mwachinsinsi. Njira zomwe zathandiza m'mayiko ena ndi kufunsa wodwala aliyense mafunso omwewo mosaweruza, kuyeza hepatitis pamodzi ndi HIV, ndi kugwiritsa ntchito anthu amene anagwiritsapo mankhwala osokoneza bongo kuti azifikira anzawo ndi kuwaperekeza kuchipatala. Ofuna kusiya amathandizidwa kudzera m'makiliniki a matenda amisala a m'maboma, chipatala cha amisala cha Zomba, ndi zipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Cholinga cha 2030

Mu 2016, mayiko omwe ali mamembala a WHO, kuphatikizapo Malawi, anagwirizana zothetsa matenda a hepatitis ngati vuto lalikulu la umoyo wa anthu pofika chaka cha 2030. Cholinga ndi chakuti anthu 90 pa 100 alionse amene ali ndi kachilomboka adziwe, ndipo 80 pa 100 alionse oyenera mankhwala alandire. Dziko la Egypt, komwe matendawa anafala kwambiri chifukwa cha majakisoni ochizira likodzo omwe sankaphikidwa bwino, linayeza anthu oposa 49 miliyoni kuyambira mu 2018, ndipo mu Okutobala 2023 linakhala dziko loyamba kuvomerezedwa ndi WHO kuti lafika pa mlingo wapamwamba panjira yothetsa hepatitis C. Dziko la Rwanda linayamba ndondomeko yake yothetsa matendawa mu Disembala 2018. M'Malawi, ntchito yolimbana ndi matenda a hepatitis ili pansi pa nthambi ya Unduna wa Zaumoyo yomwe imaonanso za HIV ndi matenda opatsirana pogonana. Tsiku lokumbukira matenda a hepatitis padziko lonse limachitika pa 28 Julayi chaka chilichonse.